Nkhope ya Apongozi

Sunganani Mwale ankawadziwa bwino apongozi ake aakazi, a Nabanda, koma kumbuyo kokha. Chikwatirireni mwana wawo Gladness n'kudzakhala pa chikamwini ku Kaomba, anali asanawayang'anepo m'maso. Akawaona akubwera m'njira ankapatukira m'mizere ya fodya n'kunjuta, ndipo moni ankapatsana wina atayang'ana kum'mawa, wina kumadzulo. Makomo ena zoterezi anazisiya kalekale, moti mkamwini ndi apongozi amatha kupanikizana pampando umodzi wa minibasi, koma a Nabanda ankati pakhomo pawo si pa depoti. Ngakhale tsiku la ukwati, Sunganani anangoona mpango ndi kansonga ka chibwano, maso ake n'kubwerera pansi msangamsanga.

Zotsalazo ndiye ankazidziwa kuposa eni ake. Ankadziwa mfundo ya mpango yopendekera kumanzere, dzanja loikidwa m'chiuno chagada, zidendene zong'aluka ndi dothi la kumunda, ndi kayendedwe ka munthu wopita kumlandu umene wapambana kale. Sanachite kuziloweza dala ayi. Maso a munthu wojambula ndi akuba, amatola ngakhale zimene mwiniwake sanawatume.

Kujambulako anakuyamba ali mwana kwawo, kufupi ndi Nkhamenya. Anali wachibwibwi, ndipo anzake kusukulu ankamumalizira mawu iye asanafike n'pakati pomwe. Tsiku lina anagula mandasi atakulungidwa m'pepala la makatuni, timabokosi tondondozana, anthu akulankhulira m'timabaluni totuluka pakamwa. Nkhani ya papepalapo inali yong'ambika kumutu ndi kumchira, koma iye anaona chinthu chimodzi chimene chinamukwanira: mawu a m'kabaluni sachita chibwibwi. Kuyambira pamenepo aliyense womuseka ankapezeka m'kabokosi, mphuno itakula ngati chitsononkho, ndipo kalasi yonse inkaseka womusekayo. Makatuni anamupatsa pakamwa, mwinanso pakamwa popitirira muyezo. Chibwibwi chija chinanka chichepa, n'kumangomuyendera akachita mantha.

Amene anamuweta anali a Saulos Nkhoma, mphunzitsi wopuma pantchito amene anali ndi kachipinda kojambuliramo ku Kasungu Boma. Iwo ataona makatuni ake anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anamuikira chipanda patebulo n'kumuuza kuti achiyang'ane mpaka dzuwa lifike pamutu, osagwira pensulo. Sunganani anaganiza kuti madalawo mutu wayamba kuwazungulira. Koma atayang'anitsitsa, chipanda chimene ankachiyesa chachikasu chinayamba kutulutsa zina: kufiira pogwirira, kubiriwira mumthunzi, ndi kamng'alu kosokedwa ndi waya. A Saulos ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anamuphunzitsa kusakaniza penti, kuyala kuwala ndi mthunzi, ndi kupeza fupa limene lagona pansi pa tsaya la munthu. Ankati makatuni amagwira munthu akuthawa pamene penti amadikira kuti munthuyo akhale pansi, ndipo wojambula weniweni amafunika manja onse awiri.

Patapita zaka, Sunganani ali kale pa chikamwini, maso a a Saulos anayamba kuchita ng'ala. Anauza Sunganani kuti kachipinda kaja, maburashi ndi makasitomala omwe akusiyira iyeyo, bola asamukire ku Boma msika wa fodya usanatsekedwe. Akazengereza apatsa wina, pajatu pakadafunda padajiwitsa galu. Za luso lake Sunganani sankakayika ngakhale pang'ono. Chomangitsa mutu chinali chakuti mkamwini sangonyamula mkazi ndi mwana ngati katundu wa pa kabaza. Anayenera kupempha chitengwa. Ankhoswe anayenda, ndipo a Esau, amalume a Gladness, anamvetsera mwaulemu n'kunena kuti iwo alibe chokanira, koma mwini mwana ndi mlongo wawo. Tsoka lake, mlongo wawoyo masiku amenewo sankafuna kumva n'dzina lomwe la Sunganani.

Chinawakwiyitsa chinali khoma la golosale ya pamsika. Mwini golosaleyo anali atapempha Sunganani kuti azijambulapo makatuni okopa anthu, akatha mwezi n'kupakapo laimu, n'kujambulapo ena. Sunganani anapeka mayi wina dzina lake Mayi Ndanena, mlimi wa fodya wosagonja kwa munthu. Venda akabwera ndi sikelo yake yabodza, Mayi Ndanena ankamukweza vendayo pa sikeloyo kuti aone ngati akulemeradi ngati nkhuku. Kabokosi komaliza nthawi zonse kankatha ndi liwu limodzi lomwelo m'kabaluni, lakuti "Ndanena". Anthu ankaima pakhomapo ndi njinga zawo, kuseka mpaka kuiwala chimene adzera. Mayiyo sankaoneka nkhope, ankangooneka kumbuyo, mfundo ya mpango itapendekera kumanzere, dzanja lili m'chiuno chagada, zidendene zitang'aluka.

Sunganani ankalumbira kuti sanaganizepo za apongozi ake pojambula, ndipo mwina ankanena zoona, poti dzanja limangosanza zimene maso adya. Koma Kaomba si dera la anthu akhungu. Tsiku lina kuchigayo a Nabanda atatembenuka kuti asenze thumba lawo, mayi wina kumbuyo anangoti kukamwa yasa, n'kukanda mnzake. Sabata isanathe, zithunzi za khomalo zinali m'mafoni mpaka kwa achibale a ku Lilongwe, ndipo ngakhale amayi a Mvano ankatsokomola mwachilendo a Nabanda akamadutsa.

A Nabanda anamuitanitsa Sunganani kuchigafa, kumene fodya anali akuuma pamikangala. Sunganani ananjuta mbali ina, masamba olendewera atatchinga pakati pawo, Gladness atakhala pakati ndi mwana wawo Princess kumsana. A Nabanda analankhula kwa mwana wawo, ngakhale kuti mkamwiniyo anali pafupi moti akanamva n'kunong'ona komwe.

"Uwauze amuna akowa kuti ndamva zoti ndi akatswiri. Msana wanga ausandutsa choseketsa Kaomba yense. Tsono ngati lusolo ndi ntchito yodyetsa mkazi ndi mwana ku Boma, ajambule nkhope yanga. Ndikadzizindikira, akutenge. Ndikapanda kudzizindikira, atole khasu, zamasewerazi zithere pomwepa."

Gladness anafunsa mwamantha kuti ajambula bwanji nkhope imene saloledwa kuiyang'ana.

"Zimenezo adziwa okha. Za pafoni ayi, zimenezo ngakhale mwana akhoza kukopera. Komanso asayerekeze kundisuzumira. Ndanena."

Sunganani anadziluma mlomo kuti phwete lisatuluke. Kenako anauza mkazi wake kuti awauze amayi kuti wamva, ndipo adzachita. Anadabwa yekha kuti mawuwo anatuluka osalala, opanda n'kachibwibwi komwe.

Gladness ndiye anapsa mtima m'malo mwake. Ali awiri anamuuza kuti amayi ake amutchera msampha, ndipo anatulutsa foni kuti amuonetse mwakabisira chithunzi cha amayi akewo cha pa chinkhoswe cha msuweni wake. Sunganani anaitembenuza foniyo chafufumimba. Sikuti anali woyera mtima kwambiri, koma kunyada kunamugwira: sanafune kulowa mu Boma pa khomo la kuseri. Atapita kwa a Saulos kukadandaula, iwo anaseka ngati tsiku loyamba lija, n'kumuuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, msampha wadzitchera yekha, adzimasule yekha.

Njira inaoneka m'mawa wina pakhonde. Princess, amene anali atangoyamba kuyenda, anatola burashi n'kuyamba kuiyamwa, Gladness n'kumulanda. Mwanayo sanalire. Anasonkhanitsa nsidze, anatulutsa mlomo wam'munsi, n'kuyang'ana mayi ake ngati wamangawa. Mayi wina wodutsa ndi ndowa pamutu anaseka n'kunena zimene mudzi wonse unkanena kale, zoti mwanayu ndi agogo ake enieni, anangowalanda nkhope. Sunganani anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana Gladness, n'kubwereranso kwa mwanayo. Chipumi chinali chimodzi, mafupa a m'masaya amodzi, ngakhale kakona ka diso kotsikira pansi. Anasangalala mpaka anaimirira. Nkhope imene anamuletsa kuiyang'ana inkadya naye mbale imodzi tsiku lililonse.

Anakoka nsalu yoyera pathabwa, naipaka penti woyamba, n'kukhazika Gladness pampando kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa la m'mawa limafika chammbali. Gladness sanali munthu wokhala phee. Ankadandaula kuti khosi lauma, nyemba zipserera, ndiponso kuti anthu ena akusankha fodya iye ali kuyang'ana mtengo wa papaya ngati chidole. Sunganani ankangomulola alalate, chifukwa akalalata m'pamene mawu a a Nabanda ankamveka m'kamwa mwake, nsagwada n'kuuma momwe iye ankafunira. Akafuna nsidze ankalanda Princess chinthu, mwanayo n'kumupatsa nsidzezo kwaulere.

Apa m'pamene manja awiri aja anakangana. Dzanja la makatuni linkafuna kukuza mlomo, kutalikitsa chibwano, kuti anthu akangoona aphulike kuseka. Dzanja la a Saulos linkaligwira pamkono n'kuliuza kuti lidekhe. Sunganani sanathamangitse lililonse. Kwa loyamba anatengako kaimidwe, phewa lokwera ndi khosi losagonja, zimene ankatha kuzijambula atatsinzina. Kwa lachiwiri anatengako kuleza. Ankapita kuchigafa apongozi kulibe, n'kukweza tsamba la fodya kudzuwa kuti aone mmene kuwala kumadutsira m'mitsempha yake, kenako n'kukasakaniza penti mpaka mtunduwo utatuluka. Anawajambula ali m'chigafa, tsamba lili m'manja, atacheuka ngati wina wawaitana dzina.

Kenako anayamba kuikalambitsa nkhope ya Gladness. Anamiza masaya pang'ono, anakumba mizere iwiri kuchoka pamphuno kutsikira kukamwa, anaonjezera makwinya m'mbali mwa maso, naika imvi zosuzumira pansi pa mpango. Akatseka maso n'kumvetsera liwu lija la kuseri kwa masamba, ankaona kuti zaka sizinakwane, n'kuonjezeranso. Munthu amene umamuopa amakula msinkhu m'mutu mwako. Gladness ataona chithunzicho anapendeketsa mutu n'kunena kuti chafanana ndithu, koma amayi ake sanafike pamenepo. Sunganani anamuyankha kuti mwana saona ukalamba wa mayi ake, ndipo wojambula pakhomopo ndi mmodzi. Anali wokhutira moti anayamba kufunsa anthu za nyumba za lendi ku Boma.

Tsiku loonetsa linafika fodya atatsika pamikangala, anthu akumanga masamba m'ndindi ndi kudinda mabelo. Kuchigafa kunali a Esau, amayi angapo osankha fodya, ndi ena amene anangomva kuti lero kuli zoonera. Sunganani anatsamiritsa chithunzicho pa jeke yodindira mabelo, chitaphimbidwa ndi chitenje, n'kukanjuta pamalo pake atafulatira. Gladness ndiye anavundukula.

Iye anayembekezera kuseka kapena kuwomba m'manja. Kunangoti zii. Anamva mapazi aja, amene ankawadziwa bwino, akuyandikira jekeyo n'kuima. Chammbali anaona a Esau akuvula chipewa pang'onopang'ono, monga amachitira anthu polowa m'tchalitchi.

"Awa si ine," anatero a Nabanda.

M'maganizo mwake Sunganani anaona kachipinda ka a Saulos kakutsekedwa ndi loko wa munthu wina, naona khasu. Anatsegula pakamwa kuti apemphe mwayi wokonza, koma chibwibwi chija chinamubwerera, ndipo chinatuluka ndi mpweya wokha.

"Achimwene," anatero a Nabanda, mawu atasintha, "tandiuzani ngati maso anga akunama."

"Sakunama, mlongo wanga," anayankha a Esau. "Awa ndi amayi."

Mayi awo a Nabanda ndi a Esau anamwalira Gladness asanabadwe, ndipo moyo wawo wonse sanaimepo patsogolo pa kamera. Sunganani sankadziwa n'dzina lawo lomwe. Anangoti pokalambitsa mkazi wake anapitirira pa siteji, n'kukatsikira pa m'badwo wina.

A Nabanda anakhala pansi pa belo. Analankhula motsitsa, osati kwa Gladness kapena kwa wina aliyense, kuti nkhope imeneyi inawathawa kalekale. Akayesa kuikumbukira ankangoona msana, amayi awo akupita kudimba ndi khasu paphewa, osacheuka. Ngakhale kutulo ankabwera atafulatira. Anali asanauzepo munthu, chifukwa ndi mwana wanji amene amaiwala nkhope ya mayi ake? Lero acheuka, anatero, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Amayi osankha fodya aja anayang'ana pansi, ndipo wina anayamba kufwenthera.

Sunganani anamva chisoni ndi manyazi pamodzi, komabe pansi pa zonsezo panali kachimwemwe kouma mutu, kakuti dzanja lake lachita chinthu chachikulu kuposa chimene analituma. Za ku Boma ndiye anaziwerengera kuti zapita. Pangano linali loti adzizindikire okha, ndipo a Nabanda sanali munthu wobweza mawu.

"Bambo a Princess."

Anayamba wadikira kuti Gladness abwereze, monga mwa nthawi zonse. Gladness sanabwereze. Mawuwo anali olunjika kwa iyeyo.

"Tembenukani, mundiyang'ane."

A Esau anang'ung'udza kuti zinthu zoterezi sizitha chimanjamanja, pamafunika kaye nkhuku. A Nabanda anati nkhukuyo ibwera pambuyo, siithawa. Sunganani anatembenuka pang'onopang'ono, maso akukwera kuchokera ku zidendene zodziwika zija, kudutsa dzanja, mpaka kumene anali asanafikeko.

Anapeza mayi wa zaka zosapitirira makumi asanu, wa masaya odzaza, mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi kachipsera kakang'ono pamwamba pa nsidze yakumanja. Imvi panalibe ndi imodzi yomwe. Maso anali ofiira ndi misozi, koma m'makona mwake munali kuseka kumene kunaoneka kuti kwakhalamo zaka zambiri. Munthu amene iye anakhala akumuthawira m'mizere ya fodya anali wokongola, ndiponso woseka msanga.

"Mwaona mmene munandinamizira?" anatero a Nabanda. "Mayeso mwalephera. Mwandikalambitsa ngati ndinaona nkhondo ya Ajeremani. Ndipo zidendene za pagolosale zija mukazikonze, zanga sizinang'aluke choncho."

Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene amafuna polowera kuti asiye kulira. Sunganani anayankha kuti akazikonza, amayi, ndipo liwu lakuti amayi linatuluka lathunthu.

A Nabanda anayang'ananso chithunzicho nthawi yaitali. Kenako anauza a Esau kuti akawayankhe ankhoswe kuti mwana apite, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo munthu wotha kuitana akufa kuti acheuke sangagone ndi njala ku Boma. Chithunzicho chokha sichichoka pakhomopo, chikakhala kuchipinda kwawo. Gladness anagwada n'kuyamba kuthokoza, koma mayi ake anamudula ndi dzanja, maso ali pa Princess, amene anali kukoka ndindi ya fodya n'kumayesa kuiluma. Mwanayo akakulira kutali, azidzabwera pa Khirisimasi pokha, ndipo aliyense m'chigafamo anadziwa chimene agogo ake ankaganiza.

"Koma musananyamuke, bambo a Princess, mundijambule ineyo weniweni," anatero. "Mwana uyu asadzandikumbukire kumbuyo."

Anakonza mpango, mfundo n'kupendekera kumanzere komwe kuja, naika dzanja m'chiuno, n'kukweza chibwano. Sunganani anatumiza Gladness kukatenga makala ndi pepala, iye n'kukokera chitsa pafupi, kutsogolo kwa apongozi ake. Pepala litafika sanaligwire msanga. Anayamba wawayang'ana.